Anthu Amene Anasiyanitsa Mbalame ndi Mileme ya m'Malawi

Nkhani ya lero ndi ya ntchito yosiyanitsa mitundu ya mbalame ndi mileme, kuipatsa maina ndi kuiika m'mabanja mwake. Kusukulu zaukachenjede ntchitoyi amaitcha taxonomy. Alipo anthu amene imvi zinawamerera ali pa ntchito imeneyi, ndipo ena mwa iwo anaigwirira muno m'Malawi. Mfundo yoti muigwire kuyambira pano ndi iyi: dzina la mbalame kapena la mleme limatuluka pamene anthu awiri agwirizana, wakutchire amene amamva ndi kuona, ndi wakumyuziyamu amene amayeza ndi kufananiza. Mmodzi akasowa, ntchito imaima.

Poyamba timva chimene ntchitoyi ili. Kenako tikamba za amuna awiri amene anayendera limodzi zaka zambiri, a Constantine Benson ndi a Jali Makawa. Tikatero tifika pa mileme, kuphatikizapo ija imagona m'madenga a nyumba za mu Lilongwe.

Chichewa chili ndi maina ambiri a mbalame: khwangwala, pumbwa, njiwa, namzeze, chingolopiyo, lumbe, kadzidzi. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mainawa amakwanira. Vuto limayamba pa timbalame tating'ono ta m'udzu, timene anthu ambiri amangotitcha timba. Gulu limodzi lokha la timbalameti, lotchedwa Cisticola, lili ndi mitundu yoposa 10 muno m'Malawi, ndipo yambiri imafanana kwambiri moti ngakhale ili m'manja munthu amakayika. Imasiyana kalilidwe, kaulukidwe ndi malo amene imakonda, wina m'dambo, wina m'mapiri, wina m'masala. Buku la mbalame za m'Malawi limene a Françoise Dowsett-Lemaire ndi a Robert Dowsett anatulutsa mu 2006 lili ndi mitundu pafupifupi 650. Mileme nayo imapitirira mitundu 60. Kuti katswiri wa ku Zomba amvane ndi mnzake wa ku Nairobi kapena wa ku London, mtundu uliwonse umafunika dzina limodzi lodziwika padziko lonse.

Njira yoperekera maina oterowo inakhazikika mu 1758, m'buku la katswiri wa ku Sweden, a Carl Linnaeus. Nyama iliyonse imalandira mawu awiri a Chilatini, loyamba la gulu, lachiwiri la mtundu. Khwangwala wa pamtaya wa kumsika, wa chifuwa choyera uja, ndi Corvus albus kulikonse kumene angapezeke. A Linnaeus anazindikira kuti mleme si mbalame ngakhale umauluka. Uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo, umayamwitsa, ndipo phiko lake ndi khungu lokutidwa pa zala zazitali. Iwo anauika pamodzi ndi anyani ndi anthu, koma akatswiri a pambuyo pawo anaupatsa gulu lakelake. Apa pakuoneka kale khalidwe la ntchitoyi, lakuti wobwera pambuyo amakonza za amene anatsogola.

Nanga dzina latsopano limapezeka bwanji? Kale njira inali imodzi. Mbalame inkaphedwa, nkusendedwa mosamala, chikopa chake nkuikamo thonje, ndipo pamwendo ankamangapo kapepala kolembapo malo, tsiku, mtundu wa maso ndi zimene zinapezeka m'mimba. Chikopacho chinkapita kumyuziyamu, kumene katswiri ankachiika pambali pa zikopa zina zambirimbiri nkumayeza mlomo, phiko ndi mchira. Akakhutira kuti mbalameyo sinalembedwepo, ankaifotokoza m'magazini ya akatswiri nkusankha chikopa chimodzi kuti chikhale chitsanzo cha mtundu wonsewo. Chitsanzo chimenechi chili ngati mwala wa sikelo: pakabuka mkangano, onse amabwerera kwa icho. Omvera ena zakupha mbalamezi ziwawawa mtima, ndipo mpomveka. Masiku ano ofufuza amadalira kwambiri maukonde opyapyala, makina ojambulira mawu ndi dontho la magazi loyezera DNA, ndipo kugwira nyama yakutchire kumafuna chilolezo cha boma. Komabe zikopa zakalezo ndizo zimasunga umboni wa zimene zinalipo m'nkhalango zimene lero ndi minda.

Tsopano tifike kwa a Benson. Iwo anabadwa ku England mu 1909, anaphunzira ku Cambridge, ndipo anafika ku Nyasaland mu 1932 kudzagwira ntchito ya boma la atsamunda m'maboma osiyanasiyana. Ena anali atayambapo kale. A Alexander Whyte anatola mbalame ku Zomba ndi ku Mulanje kuyambira 1891, ndipo woweruza milandu, a Charles Belcher, anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930. Mwayi wa a Benson unali wakuti ntchito yawo inali ya ulendo, kuyenda pansi mudzi ndi mudzi, kukwera mapiri ndi kuwoloka madambo. Kulikonse kumene anagona ankalemba mbalame zimene anaona ndi kumva. Anakhala muno zaka 20, ndipo mndandanda wawo wa mbalame za Nyasaland unatuluka mu 1953. Anasamukira ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, kumene anagwira ntchito yoona za nyama zakutchire, kenako kumyuziyamu ya ku Livingstone. Atapuma mu 1965 anabwerera ku Cambridge nkukhala pakati pa madirowa a zikopa za mbalame za yunivesiteyo. Mu 1971 iwo ndi anzawo atatu anatulutsa buku la mbalame za ku Zambia, ndipo mu 1977 linatuluka la mbalame za m'Malawi, limene analemba ndi akazi awo, a Mary Benson, amene anali katswiri wa zomera. Anamwalira mu 1982.

Imeneyo ndi mbali ya mabuku. Mbali ya kutchire inali m'manja mwa munthu amene ana asukulu ambiri muno sanamvepo dzina lake.

A Jali Makawa anali Mlhomwe wobadwira ku Mozambique cha m'ma 1914, ndipo anasamukira ku Nyasaland monga anachitira Alhomwe ambiri nthawi imeneyo. Analowa ntchito kwa a Benson m'zaka za m'ma 1930 ngati sukambale, wothandiza kukhitchini. Posakhalitsa luso lawo linaonekera. Ankatha kumva kulira kwa mbalame ili kutali nkudziwa kuti ndi iti, ankatha kutsanzira kulirako mpaka mbalameyo kuyandikira, ndipo ankasenda chikopa chopyapyala cha kambalame popanda kung'amba. Luso lalikulu koposa linali lozindikira chachilendo. Munthu amene wasunga m'mutu mawu a mbalame mazanamazana ndi amene amaima chilili akamva liwu limene sanalimvepo.

Awiriwa anapita limodzi kum'mwera kwa Ethiopia pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kumene a Benson anafotokoza mtundu watsopano wa namzeze wa mchira woyera mu 1942. Anapitanso limodzi kuzilumba za Comoro mu 1958, ulendo umene unatulutsa mtundu watsopano wa kadzidzi wamng'ono wa paphiri la Karthala. A Makawa anagwiranso ntchito ndi akatswiri ena ochokera ku America ndi kum'mwera kwa Africa, chifukwa mbiri yawo inali itafala pakati pa anthu a ntchitoyi.

Zinthu ziwiri zimene a Makawa anapeza nzoyenera kuzimva bwino. Choyamba chinachitika mu 1945, pamene anakwera mapiri a Njesi m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Kumeneko anagwira kambalame ka mlomo wautali kokhala m'nkhalango yowirira. Abale ake a kambalameka anali odziwika kumapiri a Usambara okha, kumpoto kwa Tanzania, kutali kwambiri ndi Njesi. A Benson anakafotokoza chaka chomwecho ngati nthambi yatsopano ya mtunduwo, ndipo dzina linapita kwa munthu wina osati a Makawa. Panapita zaka zoposa 50 popanda katswiri wokaonanso, mpaka mu 2001 pamene a Peter Ryan ndi a Claire Spottiswoode a ku South Africa anakwera phirilo nkukapeza kadakalipo. Lero akatswiri ena amati kambalame ka ku Njesi ndi mtundu woima pawokha.

Chachiwiri chinachitika pa 6 September 1964 pamalo otchedwa Mayau, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, m'nkhalango yothithikana imene eni ake amaitcha mavunda. A Makawa anagwira kambalame ka m'gulu la tija timalira mosalekeza dzuwa likuswa mtengo, kuti tonk, tonk, tonk. Maonekedwe ake anali achilendo, chifuwa choyera ndi chibwano chakuda. A Benson ndi a Michael Irwin anakaika pambali pa zikopa za abale ake, sanapeze kofanana nako, ndipo mu 1965 anakatcha Pogoniulus makawai polemekeza amene anakapeza. Kuchokera nthawi imeneyo anthu apita ku Mayau kukafunafuna kena, koma kachiwiri sikanapezeke. Chikopa chimodzi chokhacho chili ku Tring, ku England. Mkangano unatenga zaka: kodi ndi mtundu wosowa kwambiri, kapena ndi mbalame wamba imene inangobadwa ndi nthenga zosiyana ndi zinzake? Mu 2018 ofufuza anayeza DNA ya chikopacho nkupeza kuti kambalameka ndi kapachibale kwambiri ndi mtundu wina wodziwika kale, ndipo ambiri tsopano amati si mtundu wapadera. Zimenezi sizichepetsa a Makawa. Diso lawo linaona zoona, kuti kambalameko kanali kosiyana, ndipo chikopa chimene anasenda chinasungika bwino mpaka kuyankha funso patapita zaka zoposa 50.

Apa mfundo ija ibwerezedwe: wakutchire ndi wakumyuziyamu amafunana. Koma pa nthawi ya atsamunda ulemu sunagawidwe mofanana. Dzina la pachikuto cha buku linali la mzungu, ndipo Mwafirika amene anakwera phiri ankangotchulidwa m'mizere yothokoza. A Benson ankawatamanda a Makawa m'zolemba zawo, ndipo dzina lakuti makawa anaperekanso kwa nthambi ya mbalame ina ya m'nkhalango za m'mapiri. Komabe wina anali bwana, wina wantchito, ndipo chilungamo chimafuna kuti zimenezi zinenedwe. A Makawa anamwalira mu 1995. Katswiri wa mbiri yakale, a Nancy Jacobs, analemba za moyo wawo m'buku lotuluka mu 2016. Omvera, taganizani za kwanu. Ndi agogo angati amene amadziwa nthawi imene mbalame yakutiyakuti imabwera, kumene imamanga chisa ndi chimene imadya, koma palibe amene anakhala nawo pansi kuti alembe?

Tisiye mbalame, tilowe ku mileme, kumene ntchito imavuta koposa. Mleme umatuluka usiku, ndi wamng'ono, ndipo mitundu yambiri ndi yotuwa mofanana. Nthenga zothandiza kusiyanitsa palibe. Katswiri amayeza utali wa mkono wa phiko, amaona kapangidwe ka khutu ndi ka mphuno, ndipo nthawi zambiri amafika powerenga mano ndi kuyeza chibade chochepa kuposa chala chachikulu.

Amene anaika maziko a ntchitoyi muno ndi banja la a David ndi a Meredith Happold. A David Happold anaphunzitsa pa yunivesite ya Khartoum ku Sudan, kenako ya Ibadan ku Nigeria, asanakhazikike ku Canberra m'dziko la Australia. Mu 1984 ndi 1985 banjali linali ku Chancellor College ku Zomba, likutchera maukonde m'mapiri ndi m'zigwa za kum'mwera. Mu 1987 iwo pamodzi ndi a John Hill a kumyuziyamu ya ku London anatulutsa ndondomeko ya mileme ya m'Malawi, ndipo chaka chotsatira a Frank Ansell ndi a Robert Dowsett anatulutsa buku la nyama zonse zoyamwitsa za dziko lino. Patapita zaka, banja la a Happold ndilo linakonza gawo la mileme m'mabuku akuluakulu a nyama za mu Africa amene anatuluka mu 2013.

Ngakhale zinatero, mndandanda sunatsekedwe. Mu 2004 akatswiri awiri a ku Netherlands, a Wim Bergmans ndi a Nico van Strien, anaonanso mleme wodya zipatso umene unagwidwa kalekale m'nkhalango ya Kasungu. Ataufananiza ndi abale ake anapeza kuti sukulowa mwa aliyense, ndipo anautcha Epomophorus anselli polemekeza a Ansell. Mtundu watsopano unali utakhala zaka m'myuziyamu kudikira munthu woleza mtima.

Pa mileme khutu lilinso ndi ntchito, koma khutu la munthu palokha silikwanira. Mileme yodya tizilombo imapeza njira mumdima potulutsa mawu okwera kwambiri, amene munthu sangawamve, nkumamvetsera mmene akubwerera akagunda khoma, mtengo kapena njenjete. Pali kachipangizo kogwira m'manja kamene kamatsitsa mawuwo kuti amveke, ndipo kompyuta imawajambula. Mitundu yambiri ili ndi liwu lakelake. Mu 2012 a Peter Taylor ndi anzawo anatenga mleme wina wa mphuno yopindika umene anthu ankati ndi mtundu umodzi kuchokera kum'mawa mpaka kum'mwera kwa Africa. Atayeza mawu, zibade ndi DNA, anapeza kuti munali mitundu 5. Umodzi mwa inayi yatsopanoyo umakhala paphiri la Mabu ku Mozambique, kum'mwera chakum'mawa kwa Mulanje. Luso lija a Makawa anali nalo pa mbalame, lomva kusiyana kwa mawu, ndi limene makina akuchita lero pa mileme.

Nanga zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wokhala ku Kawale kapena kwa Chinsapo? Madzulo alionse mu Lilongwe mumauluka mileme ya magulu awiri aakulu, ndipo kusiyanitsa maguluwa nkothandiza.

Gulu loyamba ndi la mileme yodya tizilombo. Ija imalira kudenga, nkugwetsa zitosi zonunkha pa siling'i m'nyumba, m'makalasi ndi m'matchalitchi, kawirikawiri imakhala ya mchira wotulukira kunja kwa khungu la kumbuyo. Imalowa pa kampata kakang'ono pakati pa malata ndi khoma. Ikatuluka madzulo imauluka m'mwamba mothamanga, kudya njenjete, tizikumbu ndi tizilombo tina, kuphatikizapo towononga mbewu. Gulu lachiwiri ndi la mileme yodya zipatso, yaikulu, ya maso aakulu ndi nkhope yosongoka. Imagona m'mitengo, ndipo yamphongo ya mitundu ina ndi ija imalira usiku m'mitengo ya mango kuti ting, ting, ting osapuma. Imadyadi mango ndi magwafa okupsa, koma imamwazanso njere za mitengo kutali, ndipo maluwa a mlambe ndi a mvunguti amadalira mileme kuti abereke. Mtundu waukulu wa ubweya wachikasu, umene umaonekanso mu Lilongwe, ndi womwe uja umasonkhana mamiliyoni ku Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira kumapeto kwa October mpaka December.

Mileme yoyamwa magazi iliko, mitundu itatu yokha, ndipo yonse ili ku America wapakati ndi wakum'mwera. Mu Africa mulibe ndi umodzi womwe. Chodziwika chimenechi chinachokera ku ntchito yosiyanitsa mitundu, ndipo chimachotsa mantha amene amachititsa anthu kutentha mileme kudenga kapena kuithira mankhwala. Chenjezo loona ndi lina: mleme, monga nyama ina iliyonse yakutchire, sugwiridwa ndi manja, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo nkuthamangira kuchipatala chifukwa cha matenda a chiwewe. Wofuna kuichotsa kudenga atseke mipata usiku itatuluka, koma osati kumayambiriro kwa dzinja pamene yambiri ili ndi ana osatha kuuluka, chifukwa anawo amafera momwemo ndipo fungo limaipiraipira. Bungwe la African Bat Conservation, limene anayambitsa a Emma Stone, lakhala likufufuza mileme ya mumzinda uno ndi kuthandiza anthu amene ikuwavuta m'nyumba.

Mbalame nazo zili ndi malo ake pafupi ndi mzinda. M'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi muli nkhalango yotetezedwa pakati penipeni pa Lilongwe. Kum'mwera chakumadzulo kuli Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ndipo m'mitengo ya miombo ya kumeneko muli mbalame zimene anthu amachokera kunja kudzaona, monga gogomole wosowa wotchedwa ndi dzina la Stierling. Dzalanyama yomweyo ndi imene yakhala ikudulidwa kuti makala afike m'mbaula za mumzinda. Palibe amene angaloze chala mayi wophikira makala pamene magetsi ndi gasi zili zodula, koma wofuna kuteteza nkhalango amayenera kunena chimene chili m'menemo, mtundu ndi mtundu, ndipo mndandanda wotere amalemba ndi anthu a ntchito imene tikukambayi.

Potsiriza, njira ya mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchitoyi. Imayambira pa phunziro la sayansi ya zamoyo ku sekondale, kenako digiri yoyamba ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku MUST ku Thyolo. Pambuyo pake munthu amasankha gulu limodzi la nyama nkukhala nalo zaka, nthawi ina kutchire, nthawi ina pa tebulo loyezera. Amalawi akuyendamo kale m'njirayi. A Tiwonge Mzumara-Gawa anachita kafukufuku wawo wa udokotala pa kambalame kobiriwira ka nkhope yofiirira kokhala m'mitengo ya tsanya ku Liwonde, ndipo a Potiphar Kaliba a kumyuziyamu ya dziko lino agwira ntchito ndi akatswiri akunja pa mbalame za m'mapiri athu. Chopinga chachikulu nchakuti zitsanzo zambiri zimene maina a mbalame ndi mileme yathu anachokerapo zili ku England, ku Netherlands ndi ku America, choncho wofufuza wa kuno amayenera kupita komweko kapena kupempha zithunzi ndi miyeso. Zikopa zimene zili ku Chichiri ku Blantyre nazo zimafuna ndalama ndi anthu ozisamala, chifukwa chinyezi ndi tizilombo zimatha kuwononga m'miyezi yochepa chimene chinatoledwa zaka makumi angapo. Ndipo pa mileme ing'onoing'ono yodya tizilombo, akatswiri a mu Africa akusinthabe maina ndi kupeza mitundu yatsopano pafupifupi chaka chilichonse, moti mleme wogwidwa muukonde ku Dzalanyama kapena m'mbali mwa Lingadzi umayenera kuyezedwa, kujambulidwa mawu ndi kutengedwa DNA munthu asanatsimikize dzina lake.